Mafunso ndi Mayankho: Injini Yamakono m'Galimoto Yakale

Ambiri mwa makalata amene tsamba lino lalandira achokera kwa eni magalimoto akale, aja opangidwa zaka makumi anayi kapena makumi asanu zapitazo, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi, yochotsa injini ya kabuleta ndi kuikapo yamakono imene imathira petulo kudzera m'mainjekita molamulidwa ndi kompyuta. Makalata ena tawafupikitsa, koma mfundo za eni ake tazisiya monga anazilembera.

Funso: Amakaniko, ndili ndi Ford Cortina ya 1974 ya injini ya malita 2. Kukazizira imavuta kulira, ikalira imatsokomola kwa nthawi, ndipo ikumwa petulo wochuluka. Anzanga akuti ndingochotsa injiniyo ndi kuikamo yamakono. Kodi kusiyana kwenikweni n'kotani, nanga ndidzapindulapo chiyani? — Mwini Cortina

Yankho: Bambo, tiyambe ndi momwe zida ziwirizi zimagwirira ntchito, chifukwa mayankho ena onse a patsamba lino achokera pamenepo. Injini ya petulo imafuna mpweya ndi mafuta zosakanizidwa pa muyeso woyenera, ndipo muyeso umene petulo amapsera bwino ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kabuleta imayesetsa kufika pa muyesowu popanda kudziwa chimene chikuchitika m'kati mwa injini. Mpweya ukamadutsa pakhosi pake pothina umathamanga kwambiri, ndipo kuthamangako kumayamwa petulo kudzera m'timabowo toyezedwa kale. Timabowoto sitisintha kukula, choncho kaya kunja kwazizira, kaya mwakwera kumapiri kumene mpweya ndi wopepuka, kabuleta imathira monga anaisiyira makaniko amene anaigwira komaliza. N'chifukwa chake m'mawa pamafunika choki chotsekereza mpweya kuti petulo achuluke, ndipo n'chifukwa chakenso galimoto yokonzedwera kuchigwa imatulutsa utsi wakuda ikafika pamtunda.

Injini yamakono imayamba yayeza isanathire. Ili ndi sensa youza kompyuta pamene kilankishafti yafika pozungulira, ina yoyeza mpweya wolowa, ina ya kutentha kwa madzi, ina yoona momwe mwapondera moto, ndi ina ya m'paipi ya ekizozi imene imayeza okosijeni wotsala mu utsi. Kompyuta imawerengera zonsezi, imatsegula injekita iliyonse kwa kanthawi kochepa kwambiri kosakwana n'komwe gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, kenaka imaonanso utsi ndi kukonza pamene yalakwitsa. Luso limeneli si ladzulo. Kampani ya Bosch inatulutsa D-Jetronic mu 1967 pa Volkswagen 1600, sensa ya utsi inayamba kuoneka pa Volvo mu 1976, ndipo mu 1979 BMW inalandira Motronic, imene inaphatikiza kuthira mafuta ndi kuthetheka kwa mapulagi m'bokosi limodzi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, malamulo oletsa utsi woipa anali atachotsa kabuleta m'magalimoto atsopano a ku America ndi ku Ulaya.

Phindu lilipo ndithu. Galimoto imalira pa kiyi woyamba, petulo amachepa, ndipo mphamvu zimakwera: injini ya Pinto imene ili mu Cortina yanuyo inkatulutsa mahosipawa pafupifupi 100 ili yatsopano, pamene Zetec ya Ford yomweyo ya malita 2 imatulutsa pafupifupi 130. Komabe zimene mwafotokozazi pazokha sizokwanira kuti muchotse injini. Kabuleta yosamalidwa bwino simavuta kulira choncho. Yambani mwayezetsa kompulesheni ya masilinda onse anayi, muonetse mapoyinti, mapulagi, taimingi ndi mipata ya mavavu, ndipo mufufuze ngati pali mpweya wolowera pambali pa kabuleta. Ngati injini ili yamoyo, kuchotsa mapoyinti ndi kuikapo kachipangizo kamagetsi m'disitibyuta kumathetsa theka la madandaulo anuwa. Palinso zida zokhala ndi mainjekita zimene zimamangidwa pamalo enieni a kabuleta pa injini yakale yomweyo, monga za Holley ndi FiTech. Ndipo ngati cholinga chanu chachikulu ndi kupulumutsa petulo, maganizo anga ndi akuti musayambe n'komwe, chifukwa galimoto imene imatuluka masiku opuma okha ingatenge zaka zambiri kuti petulo wopulumutsidwayo abweze zimene mwalowetsa pa ntchito yonse.

Funso: Ndinagula injini ya V8 yochotsedwa m'galimoto ya ngozi. Ogulitsawo anadula mawaya pafupi ndi injini, ndipo kompyuta ndinaigula padera kwa munthu wina. Tsopano tikailiza imalira masekondi awiri n'kuzima. Mapulagi akuthetheka ndipo petulo akufika. Vuto lili pati? — Wothedwa nzeru

Yankho: Bambo, kulira masekondi awiri n'kuzima ndi chizindikiro chodziwika bwino, ndipo kawirikawiri mwini mlandu ndi chida choletsa kuba. M'magalimoto ambiri a kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, kiyi ali ndi kachipangizo kosunga nambala yachinsinsi, ndipo pa loko pamene mumalowetsa kiyiyo pali koyilo yowerenga nambalayo ndi kuitumiza ku kompyuta. Kompyuta ikapanda kumva nambala imene ikuidziwa, imatseka mainjekita, ndipo pa magalimoto ena imalola injini kulira pang'ono isanatero. General Motors inali ndi zida zotere zotchedwa VATS ndi Passlock, Ford inali ndi PATS, ndipo dziko la Germany linalamula kuti magalimoto atsopano onse akhale ndi chida chotere kuyambira 1998. Kompyuta imene munagula padera ikudikirabe kiyi wa galimoto imene simunaione n'komwe.

Musanagamule, yesani zinthu ziwiri zimene zimaonetsa chizindikiro chomwecho. Choyamba ndi pampu ya petulo. Kompyuta imaiyatsa kwa masekondi pafupifupi awiri mukangotembenuza kiyi, kenaka imaiyatsanso ikaona kuti injini ikuzungulira. Ngati relay, kaswichi kamagetsi koyatsa pampuyo, yalumikizidwa molakwika, injini imapsereza petulo amene anali m'paipi n'kuzima. Chachiwiri ndi swichi ya kiyi ya galimoto yakaleyo. Magalimoto ambiri a mapoyinti anali ndi waya wina wopereka magetsi onse ku koyilo pa nthawi yoliza yokha, ndi wina wodutsa pa resisita wopereka magetsi ochepa injini ikalira. Mukatenga magetsi a kompyuta pa waya wolakwika, iyo imazima pomwe mwasiya kiyi. Ikani mita pa waya wopita ku kompyuta ndipo muone ngati magetsi akukhalapo pamene sitata ikuzungulira komanso mutasiya kiyi. Njira yachidule kuposa zonse ndi kufunsa kompyuta yomweyo. Magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndi a petulo a ku Ulaya kuyambira 2001, ali ndi soketi ya mabowo 16 ya OBD-II yolumikizapo makina owerengera zolakwika. Ngati ogulitsa anaidula, ilumikizeninso, ndipo ikhale m'galimoto mpaka kalekale.

Likapezeka kuti vuto ndi kiyi, mungafunefune kiyi, koyilo ndi kabokosi kogwirizana ndi kompyutayo, mungapereke kompyutayo kwa katswiri kuti achotse mbali yoletsa kuba m'pulogalamu yake, kapena mungagule kompyuta yoima payokha monga Haltech, Link kapena MegaSquirt. Njira yomalizayi imamasula zambiri, koma kompyuta yotere imafika isakudziwa injini yanu, ndipo pamafunika munthu wodziwa kuikonza galimoto ili pa makina oyezera mphamvu. Yokonzedwa mongoyerekeza ingathire petulo wochepa pamene mwaponda kwambiri, ndipo petulo wochepa pa nthawi imeneyo amasungunula pisitoni.

Kwa owerenga ena amene sanagulebe, kalata iyi ikuonetsa cholakwika chimene chimabwera mobwerezabwereza. Injini yamakono siyenda yokha, imabwera ndi abale ake, ndipo woitenga ayenera kutenga banja lonse: kompyuta, mtolo wonse wa mawaya wosadulidwa, bokosi la mafyuzi, kiyi ndi loko wake, sensa ya mpweya, masensa a utsi, ndiponso chopondera moto ngati injiniyo ilibe chingwe, pakuti m'magalimoto ambiri a m'zaka za m'ma 2000 chopondera moto ndi sensa chabe youza kompyuta zofuna za dalaivala. Chanzeru kwambiri ndi kugula galimoto yonse ya ngoziyo, kuimva ikulira, kenaka kumata kapepala pa pulagi iliyonse ndi kuijambula musanaizule. Dziwaninso kuti injini ikakhala yatsopano kwambiri ntchito imakula. Njira yolankhulirana makompyuta a m'galimoto yotchedwa CAN, imene Bosch inaionetsa mu 1986, inachititsa kuti kompyuta ya injini izidalira mauthenga ochokera ku mabuleki a ABS, ku dashibodi ndi ku giyabokosi, ndipo ikawasowa imachepetsa mphamvu dala. N'chifukwa chake injini za pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi pakati pa zaka za m'ma 2000 ndi zimene zimavuta pang'ono.

Funso: Kodi ndingagwiritse ntchito thanki ndi mapaipi a petulo amene galimoto inabwera nawo? Akuoneka abwinobwino ndipo sanadonthepo. — Wofuna kusunga zakale

Yankho: Thanki mwina, mapaipi a labala ayi, ndipo pano ndipempha kuti mundimvere, chifukwa apa ndi pamene magalimoto amapsera. Kabuleta imafuna pulesha yochepa, pakati pa 4 ndi 7 psi, kapena yocheperapo, ndipo pampu yaing'ono yokankhidwa ndi kamushafti imakwanitsa. Mainjekita amafuna pakati pa 43 ndi 58 psi, kutanthauza 3 mpaka 4 bar, komwe ndi kuchulukitsa pafupifupi kakhumi. Paipi yakale ikachita ming'alu pa pulesha ya kabuleta imangodontha, koma pa pulesha ya mainjekita imapopera petulo ngati nkhungu pa ekizozi yotentha. Kuonjezera apo, petulo wa masiku ano m'maiko ambiri ali ndi ethanol, amene amadya labala wa mtundu wakale kuchokera m'kati, kumene maso saonako. Gulani paipi yolembedwa SAE J30R9, ndipo kachidutswa kamene kamakhala komira m'thanki kakhale ka SAE J30R10, chifukwa paipi wamba imafewa ikamira m'petulo. Zomangira zikhale zija zosalala m'kati zopangidwira mainjekita, osati zija za timano zimene zimacheka labala. Mapaipi achitsulo mungawasiye ngati alibe dzimbiri ndipo kukula kwake n'kokwanira injini yatsopanoyo.

Thanki ili ndi vuto lina losaoneka msanga. Kabuleta ili ndi kabokosi kake kosungira petulo, choncho pampu ikayamwa mpweya kwa kanthawi injini simva kanthu. Mainjekita alibe nkhokwe yotere. Tayerekezani thanki ili ndi kota, mukukhota pa liwiro: petulo yense amathawira kumbali imodzi, kamwa ya pampu imatsala pamtunda, pulesha imagwa nthawi yomweyo, galimoto imadzuma pakati pa khona, kenaka imadzambatuka petulo akabwerera. Mathanki amakono ali ndi zipupa m'kati kapena kachitini kozinga pampu kuti zimenezi zisachitike. M'thanki yakale mungaikemo pampu yokhala ndi kachitini kake, kapena mungamange kathanki kakang'ono ka lita imodzi kapena awiri panja, kamene kamadzazidwa ndi pampu yofooka ndipo pampu yamphamvu imayamwa pansi pake. Pampu ya m'kati mwa thanki ndi imene ndimaikonda, chifukwa petulo amaiziziritsa ndipo siliza phokoso. Ya panja iyenera kukhala pafupi ndi thanki ndiponso m'munsi mwake, poti mapampu amenewa amakankha bwino koma sayamwa bwino.

Onaninso ngati injini yanu imafuna paipi yachiwiri yobwezera petulo wotsala ku thanki, ndipo ikani masefa awiri, yomasuka petulo asanalowe m'pampu ndi yothina atatulukamo, pakuti dzimbiri la zaka makumi anayi limene kabuleta inkalimeza limatseka injekita m'masiku ochepa. Pampu iziyatsidwa ndi kompyuta kudzera pa relay, osati ndi kiyi mwachindunji, ndipo paikidwe swichi yodula magetsi galimoto ikagunda, kuti pa ngozi pampu isapitirize kupopa. Ngati pakufunika kuwotcherera thanki, ntchitoyo ndi ya katswiri yekha, chifukwa thanki yopanda petulo koma yodzaza fungo lake ndi imene imaphulika.

Funso: Ine ndi mng'ono wanga tili ndi galimoto yaing'ono ya 1978 ya masilinda anayi, yokankha ndi matayala akumbuyo. Iye akufuna V8, ine ndikuti ya masilinda anayi ndi yokwanira. Tiweruzeni. — Mkulu wake

Yankho: Woweruza wabwino pa mlandu wanu ndi tepi yoyezera. Mng'ono wanuyo sakulota zopanda pake, chifukwa pali ma V8 amene atchuka pa ntchitoyi. LS1 ya General Motors, imene inatuluka mu Chevrolet Corvette ya 1997 ndi malita 5.7 ndi mahosipawa 345, ili ndi thupi la aluminiyamu ndipo ndi yaing'ono modabwitsa, chifukwa ili ndi kamushafti imodzi yokha pakati pa injini. Toyota 1UZ-FE ya malita 4, imene inayamba mu Lexus LS 400 mu 1989, ndi yosalala ndi yolimba, koma makamushafti ake anayi a pamwamba amaikulitsa m'mbali. Coyote ya Ford ya malita 5, ya mu Mustang ya 2011, ndi yotambalala kwambiri mwakuti oiika mu Mustang ya m'zaka za m'ma 1960 amakakamizika kudula zipupa zogwira mashoko akutsogolo. Ngati Mustang ikudulidwa, ganizirani chimene chingachitikire galimoto yanu yaing'onoyo.

Yezani kutalika kuchokera pa chipupa cha kumapazi kufika pa rediyeta, kutambalala pakati pa njanji ziwiri za chasisi, ndi kuya kuchokera pansi pa boneti kufika pa chitsulo chopingasa cha pansi. Kenaka onani kumene sampu ya oyilo ili ndi mimba yake, kutsogolo kapena kumbuyo, chifukwa iyo ndi chitsulo chopingasa ndi zitsulo za chiwongolero zimalimbirana malo amodzi. Paipi ya ekizozi nayo imakonda kugundana ndi shafti ya chiwongolero, ndipo mbali imene vutolo limagwera imadalira ngati galimoto ndi yoyendetsera kumanja kapena kumanzere. Zida zambiri zogulitsidwa zokonzeratu zinapangidwira mbali imodzi yokha. Injini yochokera m'galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo kawirikawiri inkagona mopingasa, ndiye poiika m'litali pamafunika sampu ina, njira ina ya madzi, ndipo nthawi zina ndi manifodi ina yolowetsera mpweya. Zetec imakondedwa m'magalimoto akale a Ford chifukwa mabowo a maboti a kumbuyo kwake amagwirizana ndi a injini zakale za Pinto ndi Kent, choncho giyabokosi la Ford la Type 9 limamangika popanda mbale yolumikizira.

Musawotchererepo chilichonse musanatsitse injini ndi giyabokosi pamodzi m'malo mwake, zitalendewera pa unyolo, ndi kutseka boneti. Siyani mpata wokwana chala kapena kuposerapo pozungulira ponse, poti injini imagwedezeka pa malabala ake ikamakoka. Kawirikawiri imapendekeka pafupifupi madigiri 3 kutsikira kumbuyo, ndipo mzere wa giyabokosi uyenera kufanana ndi wa mphuno ya difu, kupanda kutero shafti yapakati imanjenjemeretsa galimoto yonse pa liwiro lina lake ndipo majoyinti ake amatha msanga. Rediyeta yakale inapangidwira kutentha kwa injini yofooka, choncho pamafunika yaikulu ndi fani yamagetsi yolamulidwa ndi kompyuta.

Chigamulo changa chikukomera inu akulu. Galimoto yolemera pafupifupi tani imodzi ikalandira injini yamakono ya masilinda anayi ya mahosipawa 140 kapena 160 imakhala yopepuka mutu, yomvera chiwongolero, ndipo difu ndi chasisi chake zimapirira. V8 ingalowe, koma idzafuna kuti pafupifupi china chilichonse cha pansi pa galimoto chisinthidwe, ndipo ntchito zambiri zotere zimathera pansi pa lona, galimoto ili pa majeki.

Funso: Ndili ndi Volkswagen Beetle ya 1965 ndipo ndamva kuti injini ya Subaru imalowamo. Kodi ndi zoona? — Mwini Beetle

Yankho: Ndi zoona, ndipo chifukwa chake n'chakuti injini zonse ziwiri zili ndi masilinda anayi ogona, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, choncho injini ya Subaru ya EJ22 kapena EJ25 imakwana kumbuyoko pogwiritsa ntchito mbale yolumikizira ku giyabokosi. Koma ya Volkswagen imazizira ndi mpweya pamene ya Subaru imafuna madzi, ndiye muyenera kupeza malo a rediyeta, kawirikawiri kutsogolo, ndi kuyala mapaipi aatali pansi pa galimoto, amene amavuta kuchotsamo mpweya. Sampu ya Subaru imalendeweranso pansi kwambiri ndipo ambiri amaifupikitsa. Vuto lina ndi magetsi: Beetle ya 1965 ndi ya mavoti 6, poti kusintha kupita ku 12 kunayamba ndi magalimoto a 1967, choncho batire, sitata, mababu ndi mota ya mawaipa zonse ziyenera kuonedwa. Eni magalimoto akale a ku Britain ali ndi vuto lofanana nalo, chifukwa ambiri mpaka m'zaka za m'ma 1960 ankalumikiza mbali ya pozitivu ya batire ku thupi la galimoto, ndipo kompyuta iliyonse yamakono imafuna negetivu. Mawaya a zaka makumi asanu ndi limodzi musawasenzetse katundu wa pampu, fani ndi makoyilo. Zimenezi zikhale ndi bokosi lawo la mafyuzi lochokera ku batire.

Funso: Injini yalowa ndipo ikulira bwino kwambiri. Makaniko wanga akuti tisinthenso mabuleki ndi difu, koma ine ndikuona ngati akungofuna kutalikitsa ntchito. Kodi n'zofunikadi? — Wokayika

Yankho: Bambo, makaniko wanuyo musamutaye. Mabuleki amasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene ayenera kuimeza imawirikiza kanayi. Kuima kuchokera pa makilomita 140 pa ola kumawapatsa kutentha kochuluka pafupifupi kawiri kuposa kuima kuchokera pa 100. Mabuleki a madiramu amasunga kutenthako m'kati, ndipo mukaponda kangapo motsatizana potsika phiri, diramu imafufuma, malayiningi amaterera, phazi limapita pansi koma galimoto siima. Injini yatsopano ndi imene idzakufikitsani pa liwiro limene galimotoyo sinkalifika kale, ndipo idzatero mwakachetechete. Madisiki kutsogolo ndi chiyambi chabe. Onaninso masita silinda, chifukwa magalimoto ambiri opangidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, mwakuti paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi amasowa mabuleki. Ya njira ziwiri imakusiyirani theka.

Za difu ndi giyabokosi zimadalira mphamvu yopotokola ya injini ndi phazi lanu. Ngati mphamvu zakwera pang'ono, zida zakale zabwino zimapirira, koma zikawirikiza kawiri mano a difu kapena shafti ya tayala zimathyoka, ndipo zimakonda kuthyoka ponyamuka mwamphamvu. Pali ndi nkhani ya magiya: difu ya galimoto yakale ya magiya anayi imachititsa injini kuzungulira kwambiri pa msewu waukulu, ndipo giya lachisanu ndi limene limabweretsa bata ndi kupulumutsa petulo kumene munkayembekezera. Giyabokosi lodzisintha lokha lamakono, monga 4L60E, limalamulidwa ndi kompyuta ndipo limafuna sensa ya liwiro, pamene sipidomita yanu yakale imayendera chingwe, ndiye pafunika kachipangizo kogwirizanitsa ziwirizi. Masipuling'i ndi mashoko akutsogolo nawo ayenera kugwirizana ndi kulemera kwa injini yatsopano, kaya ndi yolemera kapena yopepuka kuposa yakale. Mpaka zimenezi zitachitika, muziyendetsa ngati kuti injini yakale ikadalimo.

Funso: Bambo anga anandisiyira Datsun 240Z ya 1972 imene ikadali ndi injini yake yoyamba. Mwana wanga akufuna kuikamo injini yamakono kuti aziyendera tsiku ndi tsiku. Mtima wanga sukumasuka. Kodi malamulo amalola, nanga galimotoyo sitaya mtengo wake? — Mayi wodandaula

Yankho: Mayi, kusamasuka kwanuko kuli ndi chifukwa. Tiyambe ndi malamulo, amene amasiyana dziko ndi dziko, koma pafupifupi kulikonse nambala kapena kukula kwa injini kumalembedwa pa zikalata za galimoto, ndipo kusintha kuyenera kudziwitsidwa ku ofesi yoona za magalimoto. Sungani lisiti ya kumene injini yatsopano yachokera, chifukwa injini yopanda mbiri ingakhale yobedwa. A inshuwalansi nawo auzidwe polemba, popeza akazindikira pambuyo pa ngozi kuti galimoto inasinthidwa mobisa angakane kulipira. Madera ena amapita patali. Ku California lamulo limafuna kuti injini yolowa ikhale ya chaka chofanana ndi galimoto kapena chatsopano kuposa pamenepo, ndi zida zake zonse zochepetsa utsi, ngakhale kuti magalimoto a petulo a 1975 ndi kumbuyo sapita kukayezedwa utsi nthawi ndi nthawi. Ku Germany galimoto ya zaka 30 ingalandire nambala yapadera ya H, koma pokhapokha ngati zosintha zake zikugwirizana ndi nthawi imene inapangidwa. Ku Britain galimoto ya zaka zoposa 40 imamasulidwa ku mayeso a chaka ndi chaka a MOT, koma yosinthidwa kwambiri ingataye ufuluwo. Funsani ofesi ya kwanuko ntchito isanayambe.

Za mtengo, yankho limadalira mtundu wa galimoto. Galimoto wamba imene inapangidwa yochuluka, yomwe injini yake yatheratu, siluza kanthu ikalandira injini ina yoikidwa mwaukhondo, ndipo nthawi zina imakopa ogula ambiri. 240Z si ya gulu limenelo. Inapangidwa kuyambira 1969 mpaka 1973 yokha, ili ndi injini ya L24 ya masilinda asanu ndi limodzi ndi makabuleta awiri, ndipo osonkhanitsa magalimoto akale amayamba ayang'ana ngati nambala ya pa injini ikugwirizana ndi ya pa kambale ka galimoto. Kugwirizana kumeneko kukatayika sikugulidwanso. Ine ndikadakhala inu ndikadakonzetsa L24 yomweyo, ndi kuikamo kachipangizo kamagetsi m'malo mwa mapoyinti ndi kuonetsa mipando ya mavavu ngati ikupirira petulo wopanda mtovu, pakuti petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwira magalimoto padziko lonse mu 2021. Mwana wanu akafuna galimoto ya tsiku ndi tsiku, dziwani kuti injini yamakono sibweretsa mabuleki a ABS kapena matumba a mpweya oteteza pa ngozi m'galimoto ya 1972.

Ngati mutagwirizana kuti asinthebe, muikeni malire awiri. Oyamba ndi akuti asadule kapena kuwotcherera thupi la galimoto. Zogwirira injini, giyabokosi ndi rediyeta zimangidwe ndi maboti pa mabowo amene alipo kale, ndipo mawaya akale asadulidwe koma azulidwe ndi kusungidwa. Achiwiri ndi akuti injini yoyambayo isagulitsidwe. Ikachotsedwa, ikhuthulidwe madzi ndi petulo yense wa m'makabuleta, ithiridwe oyilo watsopano m'sampu ndi pang'ono m'silinda iliyonse kudzera pa mabowo a mapulagi, mabowo a mpweya ndi a ekizozi atsekedwe kuti chinyezi ndi mbewa zisalowe, ndipo iikidwe pa thandala pamalo ouma pamodzi ndi giyabokosi, disitibyuta, sefa ya mpweya ndi maboti ake m'matumba olembedwa. Miyezi ingapo iliyonse wina aziizungulitsa ndi sipanala pa boti ya kutsogolo kwa kilankishafti kuti maringi asamatirire ku masilinda.